Kodi Ndi Tchimo Kutulutsa Wodwala M'chipatala Kuti Akafere Kwawo?

Nkhani ya lero yachokera ku funso limene mayi wina wa mumphakati wathu anandifunsa titamaliza phunziro la katekisimu, m'nyengo ija ya Novembala pamene kutentha kwa kuno ku Tete sikulola munthu kugona m'nyumba. Anadikira kuti ena onse apite, ndipo tinakhala patsinde pa mtengo wa masawu kuseri kwa tchalitchi.

Amayi ake, agogo a zaka zoposa 80, anagonekedwa m'chipatala ndi khansa imene inali itafalikira kale m'thupi. Madokotala ananena mosabisa kuti kuchira kunalibe, koma kuti banja likafuna angathe kuwatumiza ku chipatala chachikulu chakutali kuti akayese zina. Agogowo anakana. Anapempha kuti apite kwawo ku Angónia akafere pafupi ndi manda a amuna awo. Mwana wawoyo anasaina chikalata chija chimene tonse timachidziwa ndi dzina lachipwitikizi loti termo de responsabilidade, nalipira galimoto, ndipo patapita masiku asanu ndi anayi agogo anatsikira kuli chete ali pamphasa yawo, atalandira Sakramenti la Kudzoza Odwala. Maliro atatha, mlongo wake wa mayiyu, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, anamuimbira foni namuuza kuti ndiye anapha amayi awo.

"Aphunzitsi," anatero mayiyo, "chiyambire tsiku limenelo sindinapitenso kukalandira Ukaristia. Pachikalata paja ndinalemba dzina langa ndi dzanja langa. Kodi ndinaphwanya lamulo lachisanu?"

Ndinamuyankha mwachidule ndi kumutumiza kwa bambo mfumu. Koma ndinaona kuti funsoli likuvutitsa mabanja ambiri, ndipo yankho lake lili ndi mbiri ya zaka pafupifupi 500. Mbiri imeneyi ikutiphunzitsa mwini wake wa chisankho pamene munthu ali pafupi kufa, ndi pamene mphamvu za boma ziyenera kulekezera.

Aphunzitsi a ku Salamanca

M'zaka za m'ma 1500, pa yunivesite ya Salamanca m'dziko la Spain, ansembe a chipani cha Dominiko Woyera analisinkhasinkha kwambiri funso limeneli. Chipanichi si chachilendo kwa ife a m'mbali mwa Zambezi. Ndicho chinkatumikira Akhristu a ku Sena ndi ku Tete kumapeto kwa zaka zomwezo, ndipo wansembe João dos Santos, amene analemba buku la Ethiopia Oriental lofotokoza dera lathu lino, anakhalako ku Tete cha m'ma 1590.

Francisco de Vitoria, amene anamwalira mu 1546, anaphunzitsa kuti moyo ndi mphatso ya Mulungu imene munthu ayenera kuisunga. Choncho wodwala amene angathe kudya, ndi kumwa mankhwala opatsa chiyembekezo chenicheni cha kuchira, sayenera kuzikana. Koma anaonjeza kuti udindo umenewu uli ndi malire. Munthu sakakamizidwa kumwaza chuma chonse cha banja pofuna kuonjezera masiku ochepa, kapena kusamukira kudera lina chifukwa choti mpweya wake ndi wabwino. Ndipo wodwala amene wafookeratu, moti chakudya chimamulowa movutikira koopsa, sachimwa tchimo lalikulu akalephera kudya, makamaka pamene chiyembekezo cha moyo chatha.

Mnzake Domingo de Soto anafunsa za ulamuliro. Masiku amenewo mankhwala ogonetsa munthu pochita opaleshoni kunalibe, popeza anadzayamba kugwiritsidwa ntchito poyera mu 1846. Wodwala ankadulidwa mwendo ali maso, anthu atamupanikiza. Kodi mkulu wa nyumba ya amonke angalamule m'bale amene analumbira kumumvera kuti alole kudulidwa mwendo? Soto anayankha kuti angamulamule kumwa mankhwala osavuta kumwa, koma palibe amene angakakamize munthu kupirira ululu woopsa chotero. Taonani kulemera kwa yankho limeneli. Ngati mkulu amene munthu analumbira kumumvera pamaso pa Mulungu alibe mphamvu imeneyi, kuli bwanji mfumu, dokotala kapena wachibale? Mu 1595 Domingo Báñez, wa chipani chomwecho, anasiyanitsa mitundu iwiri ya chithandizo ndi mayina amene Eklezia akugwiritsabe ntchito: chithandizo wamba, chimene munthu ayenera kulandira, ndi chithandizo chopyola muyeso, chimene angachilandire kapena kuchikana popanda tchimo.

Pamene boma linapha odwala

Kwa zaka mazana atatu chiphunzitsochi chinali nkhani ya wodwala, banja lake ndi wansembe, popeza anthu ambiri ankafera m'nyumba zawo. Boma linalowa mwamphamvu m'chipinda cha wodwala m'zaka za m'ma 1900, ndipo ku Germany linalowa ngati chigawenga. Adolf Hitler anasaina kalata yokhala ndi tsiku la 1 Seputembala 1939, yopatsa madokotala ena mphamvu zopha odwala amene anawaona kuti sangachire, ndipo anaitcha imfa yachifundo. Odwala misala ndi olumala ankatengedwa m'mabasi kuchoka m'zipatala, zina mwa izo za mipingo, n'kukaphedwa ndi mpweya wapoizoni m'malo asanu ndi amodzi okonzedwera ntchitoyo. Pofika Ogasiti 1941 anthu oposa 70,000 anali ataphedwa. Mabanja ankalandira makalata onama otchula matenda amene m'bale wawo sanadwale.

Mu Disembala 1940 likulu la Eklezia ku Roma linalengeza kuti kupha anthu otere molamulidwa ndi boma n'kosemphana ndi lamulo la chilengedwe ndi la Mulungu. Pa 3 Ogasiti 1941 Episkopi wa ku Münster, Clemens August von Galen, analalika poyera kuti zimenezi ndi kupha, ndipo anachenjeza kuti ngati munthu aphedwa chifukwa choti sagwiranso ntchito yopindulitsa, ndiye kuti aliyense wokalamba ndi msilikali aliyense wobwera kunkhondo atalumala ali pangozi. Ulalikiwo unakopedwa mobisa n'kufalikira dziko lonse. Mwezi womwewo Hitler analamula kuti ntchitoyo iime, ngakhale kuti odwala anapitirira kuphedwa mwakachetechete ndi njala ndi mankhwala mpaka 1945.

Amenewa ndi malire oyamba: boma lilibe mphamvu yopha wodwala, kapena yoloza munthu kuti moyo wake ulibe phindu.

Pamene makina anafika

Malire achiwiri anaonekera pamene zipatala zinapeza mphamvu yotalikitsa kufa. Mu 1952, pa mliri wa poliyo mumzinda wa Copenhagen, madokotala anapulumutsa ambiri powapopera mpweya m'mapapo, ndipo posakhalitsa makina othandiza kupuma anafalikira. Ambiri anachira nawo, koma ena anangotsala mtima ukugunda popanda chiyembekezo chodzuka. Dokotala wina wa ku Innsbruck, Bruno Haid, anafunsa Papa Pio XII ngati makinawo angazimitsidwe. Pa 24 Novembala 1957 Apapa anayankha motsata aphunzitsi a ku Salamanca aja. Anati munthu ayenera kulandira chithandizo wamba, poganizira munthuyo, malo, nthawi ndi chikhalidwe, ndiko kuti chithandizo chosaika mtolo wolemera kwambiri pa iye kapena pa ena. Anatinso dokotala alibe ufulu wakewake pa thupi la wodwala, koma amachita zimene wodwalayo walola, ndipo wodwala akakomoka banja limalankhula motsata chimene iye akanafuna.

Mawu amenewa anafika mpaka m'bwalo la milandu. Mu Epulo 1975 mtsikana wa zaka 21 wa ku New Jersey ku America, Karen Ann Quinlan, anakomoka osadzukanso. Makolo ake, Akatolika okhulupirika, atafunsa wansembe wa parishi yawo, anapempha kuti makina opumira achotsedwe. Madokotala anakana, akuluakulu a boma oimba anthu milandu anatsutsanso pempholo, ndipo khoti loyamba linakanira bambo wake. Episkopi wa ku Paterson, Lawrence Casey, anaima ndi banjalo potchula chiphunzitso cha Pio XII. Pa 31 Malichi 1976 khoti lalikulu la New Jersey linavomereza pempho la bamboyo. Makina atachotsedwa Karen anapitirira kupuma yekha, makolo ake sanaleke kumudyetsa ndi kumuyendera, ndipo anamwalira pa 11 Juni 1985. Apa pakuoneka kuti sankafuna imfa ya mwana wawo. Ankafuna kuti makina asaime pakati pa iye ndi Mulungu.

Eklezia anabwereza chiphunzitsochi m'chikalata cha pa 5 Meyi 1980 chonena za eutanásia, ndiko kupha wodwala ponena kuti n'chifundo, komanso m'Katekisimu wa 1992 pa ndime 2276 mpaka 2279, ndi m'kalata ya Papa João Paulo II ya Evangelium Vitae mu 1995. Zonsezi zikusiyanitsa kupha ndi kuvomereza kuti imfa sitingaitchinge.

Chaka cha 2005 chinaonetsa mbali zonse ziwiri m'sabata imodzi. Ku Florida, makhoti analola kuti kapaipi kodyetsera Terri Schiavo kachotsedwe, ngakhale makolo ake ankakana ndipo Nyumba ya Malamulo ya America inayesa kulowererapo. Iye anamwalira pa 31 Malichi. Eklezia anatsutsa zimenezi, popeza mayiyo sanali pafupi kufa, ndipo chakudya ndi madzi, malinga ngati thupi likuzilandira, ndi chisamaliro wamba. Masiku omwewo João Paulo II, amene anali atagonekedwa kawiri ku chipatala cha Gemelli, anadwalika kwambiri. Analola kudyetsedwa ndi kapaipi, koma sanafune kubwereranso ku chipatala, ndipo anafera m'chipinda chake ku Vatican pa 2 Epulo. Papa amene analemba Evangelium Vitae anasankha kufera kunyumba.

Ku Portugal, kumene malamulo athu ambiri anachokera, lamulo la 2012 linalola munthu kulemberatu chithandizo chimene akufuna kapena sakufuna akadzalephera kulankhula, ndipo Mkatolika angaligwiritse ntchito bwino. Koma lamulo la 2023 lololeza dokotala kuthandiza wodwala kufa Aepiskopi a kumeneko analitsutsa, chifukwa likudumpha malire oyamba aja.

Kwathu kuno

Mbiri ya Moçambique inayenda njira ina. Pa 24 Julayi 1975, patangotha mwezi umodzi tilandire ufulu, Pulezidenti Samora Machel analengeza kuti boma latenga ntchito zonse za umoyo, pamodzi ndi zipatala za mamishoni, sukulu, ngakhalenso makampani oika maliro. Cholinga chinali choti wosauka asafe chifukwa chosowa ndalama, ndipo tisakane zabwino zimene zinatsatira, monga katemera amene anafika m'midzi yakutali. Koma kuyambira pamenepo kubadwa, kudwala ndi kuikidwa kwa munthu zonse zinali m'manja mwa boma. Kenaka nkhondo, imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, inagwetsa zipatala zazing'ono zambiri, ndipo anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ambiri a iwo ochokera m'chigawo chathu chino. Agogo a m'nkhani yathu anali m'gulu limenelo. Anaika ana awo awiri m'dziko la eni, m'manda amene lero palibe angawaloze. Amene akudziwa zimenezi sangadabwe kuti anafunitsitsa kukagona pakati pa abale awo.

Malamulo a lero akuvomereza malire onse awiri. Malamulo aakulu a dziko a 2004 akunena pa ndime 40 kuti nzika iliyonse ili ndi ufulu wa moyo ndipo chilango cha imfa kulibe, ndipo pa ndime 89 kuti nzika zonse zili ndi ufulu wolandira chithandizo cha kuchipatala. Kupha wodwala ndi mlandu. Mu 2007 boma linavomereza chikalata cha ufulu ndi udindo wa wodwala, chimene chikuti wodwala ayenera kuuzidwa za matenda ake ndipo angathe kulola kapena kukana chithandizo. Choncho termo de responsabilidade si chikalata chovomera mlandu. Chimangosonyeza kuti banja lamva malangizo a madokotala ndipo chisankho n'chawo.

Koma tikalekera pamenepa tidzakhala tabisa chilonda chenicheni. Ku New Jersey banja linalimbana ndi boma kuti makina achotsedwe. Kuno kwathu mabanja amalira kuti makinawo apezeke. Mlandu wofanana ndi moyo wathu unachitika ku South Africa. Thiagraj Soobramoney wa ku Durban, wa zaka 41, wosagwira ntchito, impso zake zitaleka kugwira ntchito anapempha chipatala cha boma cha Addington kuti chizimusefa magazi ndi makina. Chipatala chinakana chifukwa makina anali ochepa ndipo ankasungidwira amene angachire. Pa 27 Novembala 1997 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linagamula kuti boma silingakakamizidwe kupereka chimene lilibe, ndipo patapita masiku ochepa bamboyo anamwalira. Apa boma linasankha za imfa ya munthu popanda kumugwira ndi dzanja. Linasankha kudzera m'bajeti.

Ifenso timazidziwa. Makina owotcha khansa anayamba kugwira ntchito ku Maputo mu 2019, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,500 kuchoka ku Tete. Banja la ku Matundo kapena ku Chingodzi limene limadya za tsiku lomwelo likamva za ulendo wotero limawerengera thiransipoti, chakudya cha womudikirira, ana otsala ndi munda wosalimidwa, komanso mtengo wobwezera mtembo zinthu zikalephereka. Motsata Vitoria ndi Pio XII, banja lotero silichimwa likabwerera kumudzi. Koma tisanamizire kuti lasankha mwaufulu. Munthu amakana chinthu chimene chili pafupi ndi dzanja lake. Chimene sangachifikire sanachikane, wachisowa. Kulemera kwa imfa yoteroyo sikuli pa banjalo. Kuli pa ife tonse, ndi pa boma limene timalisankha ndi kulikhomera msonkho.

Nchifukwa chake ntchito yoyenera ya boma pambali pa wodwala ndiyo kusendeza chithandizo pafupi, ndipo taziona zikutheka. M'zaka za m'ma 1990 mankhwala otalikitsa moyo a Edzi anali okwera mtengo moti kwa munthu wa ku Tete analidi opyola muyeso. Mu 2002 gulu la Sant'Egidio linayamba kuwapereka kwaulere m'dziko muno kudzera m'ntchito ya DREAM, boma linawafalitsa m'zipatala zake, ndipo mu 2008 m'chigawo chathu chino, mothandizana ndi Médicos Sem Fronteiras, munayamba timagulu ta GAAC, ta anthu osapitirira asanu ndi mmodzi osinthana kukatengerana mankhwala. Chimene chinali chopyola muyeso chinasanduka wamba. Choncho amene lero asiya ma ARV kapena mankhwala a chifuwa chachikulu chifukwa mneneri wina wamuuza kuti wachira asabisale kuseri kwa chiphunzitsochi. Akutaya mphatso ya moyo, ndipo womunyengayo adzayankha.

Chotsala chachikulu ndi ululu. Ambiri amene timawatulutsa m'chipatala amakafa akubuula usiku wonse, ndipo ena mwa ife timaganiza kuti mankhwala amphamvu ngati morfina ndi tchimo. Pio XII anayankha kale pa 24 Febuluwale 1957 kuti n'kololedwa kupatsa wodwala mankhwala oletsa ululu ngakhale angafupikitse masiku ake, malinga ngati cholinga ndi kuchepetsa ululu osati kupha. Anansi athu anatitsogolera. Island Hospice inayamba ntchito yosamalira oyandikira imfa ku Harare mu 1979, Hospice Africa Uganda inayamba mu 1993 kufikitsa morfina wakumwa m'makomo, ndipo mu 2004 boma la Uganda linalola anamwino ophunzitsidwa mwapadera kulembera odwala mankhwalawa. Unduna wathu wa zaumoyo unavomereza ndondomeko ya chisamaliro chotere mu 2012. Tili ndi ufulu, ngati nzika ndi ngati Akhristu, wofunsa kuti ndondomekoyo ifike pamphasa ya wodwala ku Tsangano, ku Macanga ndi ku Chifunde.

Zimene tiyenera kuphunzitsa

Akatekisiti anzanga, banja likabwera kwa ife ndi nkhani yotere, tilifunse mafunso atatu. Kodi wodwala mwini wake akufuna chiyani, kapena ananenapo chiyani akadali ndi mphamvu? Kodi madokotala akuti chithandizocho chingachize kapena kupatsa masiku abwino, kapena chingotalikitsa kufa ndi mtolo wolemera? Kodi cholinga chathu n'chiyani: kuti avutike pang'ono ndi kufa mwamtendere, kapena kuti atichoke msanga chifukwa tatopa naye kapena tikuyang'ana chuma chake? Funso lachitatuli ndilo la m'malo olapira. Ndipo tiwakumbutse kuti chithandizo chingathe kulekedwa, koma chisamaliro sichilekedwa: kumusambitsa, kumutembenuza, kumupatsa phala ndi madzi monga thupi likulandira, kumufunira mankhwala oletsa ululu, ndi kuitana wansembe akadali wotha kulankhula. Tiwalimbikitsenso akuluakulu kunena zofuna zawo pamaso pa ana onse nthawi ikadalipo, amene ali kutali akumvera pafoni, kuti mtolo usadzagwere mmodzi.

Kwa mayi uja ndinati: "Mayi, inu simunaphe amayi anu. Inawapha ndi khansa. Iwo anasankha okha ali ndi nzeru zawo, madokotala anali atanena kuti kuchira kulibe, ndipo inu munawasamalira mpaka tsiku lomaliza. Munasunga lamulo lachinayi, ndipo lachisanu simunaliphwanye." Bambo mfumu anamuuzanso chimodzimodzi, ndipo wabwerera ku Ukaristia.

Wandipempha kuti nkhani ino ndiitumize kwa mlongo wake, ndipo ndikulankhula nanu, achimwene a ku Johannesburg. Ndamva kuti kwa zaka zambiri ndinu munkatumiza ndalama za mankhwala, ndipo uthenga unakupezani muli kutali, osatha kugwira dzanja la amayi anu. Mawu aja anatuluka m'chisoni. Koma mlongo wanu anawasenza miyezi ingapo ali yekha. Mukabwera ku Misa ya chikumbutso, yambani mwakhala naye pansi, ndipo mumufunse zimene amayi ananena m'masiku asanu ndi anayi aja. Iye yekha ndiye anazimva.